Nyumba Yanga M'nkhani ya Munthu Wina

Sukulu ndinalekera Sitandade 6. Sindichita nazo manyazi. Zolemba za anthu ophunzira zambiri zadutsa m'manja mwanga, ndipo ndinkawakonzera zolakwa zawo osawauza. Ntchito yanga inali yosanja zilembo pa kakampani kosindikiza m'tauni ya Lusaka, kuseri kwa masitolo. Tinkasindikiza makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, ndi kanyuzipepala ka Chinyanja kotuluka Lachisanu lililonse.

Zilembo zinali zamtovu, chilichonse pachokha, m'timabokosi. Unkatola chimodzichimodzi n'kumazindandalika chadodolido m'kachitsulo kogwira kumanzere mpaka mzere udzaze. Osanja tinalipo atatu. Nkhani yaitali ikabwera, foromani ankatsegula yekha envulopu pa tebulo lake, n'kumasula mapepala, n'kutigawira: tsamba loyamba uyu, lachiwiri uyo, lachitatu ine, kenaka kuyambiranso. Pamene pepala linkafika kwa ine linali lili lokha, lopanda mutu, lopanda mchira. Nyuzipepala ikatuluka sindinkaiwerenga. Makamaka tsamba la nkhani zopeka. Ndinkati nkhani yopeka ndi bodza lovala jekete, ndipo Mkhristu alibe nayo ntchito. Tsiku lina ndinapeza mkazi wanga akuwerenga kabuku kotero, ndinakakolezera mbaula. Anapitiriza kusoka.

Tinkakhala ku Kabwata, m'nyumba ya khansolo ya zipinda ziwiri. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ndinavina nawo pa tsiku la ufulu, ndipo sindibweza kuvina kwanga. Koma zaka zitapita tinayamba kuima pa mizere ya sopo ndi mafuta ophikira, ndipo anthu anaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanayankhe moni. Mnansi wathu wina, kondakitala wa basi, anatengedwa ndi amuna awiri ovala masuti masana dzuwa likuswa mtengo. Anabwerako patapita miyezi, wopanda mano akutsogolo, wosafuna kucheza. Palibe anadziwa amene anamunenera. Aliyense ankaganizira aliyense.

Kuyambira pamenepo ndinatseka nyumba yanga. Mazenera ndinawatsekera ndi waya. M'mipata ndinafinyiramo nyuzipepala zakale kuti mawu asatuluke. Nyengo yozizira ikafika ndinkalowetsa mbaula m'nyumba, chitseko n'kukhoma. Mkazi wanga ankadandaula mutu. Akatsegula zenera, ine ndinkatseka. Ndinali ndi chifukwa. Ndinali ndi kope limene ndinkalembamo zimene ndaona: mizere, mano a kondakitala, mawu amene munthu sangalankhule pa basi. Sindinkalembera munthu aliyense. Ndinkalemba kuti zisandiwolere m'mimba. Kopelo linkakhala m'chitini cha mkaka waufa, kuseri kwa thanki ya madzi ya m'chimbudzi.

Chaka chimenecho, kuzizira kutangoyamba, kanyuzipepala kathu kanalandira nkhani ya m'zigawo. Inkabwera Lolemba lililonse, yotaipidwa, yopanda dzina. Pansi pankangolembedwa kuti: Mnansi Wanu. Mwini kampani anaikonda chifukwa anthu anayamba kugula. Inali nkhani ya mwamuna wina wolemba mabuku mobisa, amene anapezeka atafa m'chipinda chake. Chitseko chinali chokhoma cham'kati. Analibe bala. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba pamsika ndiye anayamba kufufuza amene anamupha, poona kuti apolisi atopa nazo.

Sabata yoyamba ndinalandira tsamba lachitatu. Ndinkatola zilembo osaganiza, monga mwa masiku onse. Ndinasanja kuti nyumba ya wakufayo inali ku Kabwata. Ndinasanja kuti chitseko chake sichinkatseguka usanachinyamule ndi bondo. Ndinasanja kuti pa mtengo wa gwafa panja panapachikidwa tayala lakale la njinga. Dzanja langa linaima. Chitseko changa chinkafuna bondo. Tayala linali pa gwafa wanga.

Ndinadziuza kuti nyumba za khansolo zimafanana. Ndinamaliza tsambalo.

Sabata yachiwiri wakufayo ankamwa tiyi m'kapu yachitsulo yobiriwira, yogumuka pa chogwirira. Ankagoneka thalauza lake pansi pa matiresi kuti likhale ndi mzere. Lachisanu limenelo ndinatenga nyuzipepala, koyamba chiyambire ntchito, n'kuiwerenga yonse nditabisala kuseri kwa makina. Mmodzi wa osanja anzanga anandiona. Ankanditchula elda chifukwa ndinali mkulu wa mpingo.

“A elda ayamba kudya bodza!” anatero. “Lakoma?”

“Ndikufuna zolakwa zako,” ndinamuyankha. “Ndapeza zinayi.”

Sabata yachitatu, tsamba langa linanena kuti mayi wa ndiwo uja anapeza kope la wakufayo m'chitini cha mkaka, kuseri kwa thanki ya m'chimbudzi. Ndinagwetsa mzere wonse pansi. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito sindinagwetsepo mzere. Foromani anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake. Ndinatola zilembo pansi nditagwada.

Nditafika kunyumba ndinapita kuchimbudzi. Chitini chinalipo. Kope linalimo. Ndinalichotsa n'kulibisa kudenga, pakati pa mtanda ndi lata. Kenaka ndinakhala pa mpando n'kuyamba kuwerenga anthu a m'moyo wanga mmodzimmodzi.

Foromani sanafikepo kwathu. Anansi ankadziwa za tayala, koma osati za thalauza. Ana anga anali kumudzi kwa agogo awo, kusukulu ya mishoni. Mkazi wanga sindinamuwerengere n'komwe. Ndinkamudziwa ngati munthu wa singano ndi mapoto, wopita ku chigwirizano cha amayi Lachinayi n'kubwerako. Panatsala munthu mmodzi.

Mlembi wa mpingo wathu anali mnzanga wa kwathu ku Katete. Tinabwera ku Lusaka pa lole imodzi, titakhalira thumba limodzi la nyemba. Tinkaitanana achimwene. Iye anapitiriza sukulu ya madzulo nakhala kalaliki mu ofesi ina m'tauni. Ankakhala mizere inayi kuchokera kwathu, ndi mkazi wake ndi ana asanu ndi mmodzi. Ankalowa m'nyumba mwanga osagogoda. Ankandiseka za kapu yobiriwira. Chaka chapitacho thanki ya m'chimbudzi itayamba kudontha, ndiye anabwera ndi sipanala, nakhala m'menemo yekha nthawi yaitali. Ndipo ndiye ankasunga kiyi wa kaofesi ka kutchalitchi, mmene munali taipi.

Lolemba lotsatira ndinalawira. Ndinaima pa ngodya ya msewu, kuseri kwa mayi wokazinga zitumbuwa. Ndinamuona akubwera pa njinga yake yakuda. Anatsika, nayang'ana uku ndi uku, natulutsa envulopu m'jekete, naiponya m'kabowo ka makalata pa chitseko cha kampani yathu. Anakweranso njinga napita ku ntchito kwake akuimba likhweru.

Sindinadye tsiku limenelo. Ndinasanja tsamba langa. Mayi wa ndiwo tsopano ankaganizira mnzake wapamtima wa wakufayo, kuti mwina anamuthirira mankhwala m'chakumwa.

Ndinamva uthengawo monga ndinaumvera. Munthuyu wawerenga kope langa. Akundiuza poyera kuti akudziwa. Akusewera nane monga mphaka amachitira ndi khoswe asanamudye, ndipo akundisanjitsa ine ndemwe zilembo za imfa yanga. Chifukwa chake sindinachidziwe. Ndinachifunafuna, ndipo wofunafuna chifukwa amachipeza. Ndinakumbukira kuti pa msonkhano wa akulu ndinamutsutsa pa nkhani ya denga la tchalitchi, anthu n'kuseka. Ndinakumbukira kuti anagula wailesi yatsopano. Ndinakumbukira kuti tsiku limene kondakitala anatengedwa, iye sanadabwe mokwanira. Zonse zinalumikizana bwinobwino ngati mzere wosanjidwa ndi katswiri.

M'dera lathu munali tcheyamani wa sekishoni, mkulu wa chipani woyang'anira nyumba za m'mizere yathu. Anali Mubemba wonenepa, wansangala, wogulitsa makala. Pa msonkhano anali atanena kuti pali anthu ena akulemba timapepala tonyoza boma, ndipo wodziwa kanthu akamuuze. Ndinaona njira. Sindinafunikire kunama kwambiri. Ndikanangonena kuti mlembi wa mpingo ali ndi taipi, amataipa zinthu zosakhala za mpingo, ndipo amaponya maenvulopu opanda dzina m'tauni m'mamawa. Mawu onsewo anali oona. Akanamutenga. Ndipo munthu amene watengedwa, akanena za kope la mnzake, amaoneka ngati wongofuna kugwa ndi wina. Ndinaganiza kuti ndimuyambe asanandiyambe.

Ndikulemba izi mosabisa. Ndinali mkulu wa mpingo, ndipo ndinakonza zopereka bambo wa ana asanu ndi mmodzi kwa amuna ovala masuti.

Sabata imeneyo inali ya Mgonero. Mu mpingo wathu, Mgonero usanafike akulu amayenda awiriawiri m'nyumba za Akhristu kukapereka makadi. Wopanda khadi sakhala pa gome. Pa khomo lililonse pamafunsidwa funso limodzi: kodi muli pa mtendere ndi anzanu onse? Woyankha kuti ayi, khadi lake limabwerera m'thumba mpaka akayanjane. Akulu awiriwo akamaliza nyumba zonse amafunsananso okhaokha. Zaka zonse ine ndinkayenda ndi mlembi.

Tinayenda Lachinayi titaweruka. Iye ankafunsa, ine ndinkapemphera. Ndinkamuyang'ana m'mbali. Pa nyumba ina anayang'ana kalendala ya pakhoma nthawi yaitali, ndinati akuloweza. Pa nyumba ina anafunsa mayi wamasiye za mwana wake wa ku Kopabeluti, ndinati akufufuza. Titamaliza tinaima pansi pa mtengo wa pa mphambano. Anatulutsa khadi langa.

“Nanga inu achimwene? Muli pa mtendere ndi anzanu onse?”

“Perekani khadi.”

“Aa, yankho limenelo si la m'malamulo,” anatero akuseka. “Mwaonda masiku ano. Alamu akukumanani ndiwo?”

“Mukudziwa zambiri za m'nyumba mwanga. Yankhani nokha.”

Kuseka kunatha. Anandiyang'ana, natsegula pakamwa ngati anene kanthu, natsekanso. Ndinati m'mtima: wagwidwa. Anandipatsa khadi. Ine sindinamufunse funso lake. Ndinangomupatsa lake n'kutembenuka.

Loweruka masana ndinavala jekete n'kupita kwa tcheyamani. Ndinamupeza pabwalo, atakhala pa thumba la makala, akudya chinangwa chootcha. Abemba ndi ife a kum'mawa timatukwanana mwachibale, iwo kutiseka kuti timadya mbewa, ife kuwaseka kuti amadya anyani, ndipo iye sankaphonya mpata.

“Shani ba mbuya! Mwanibweletsela mbeba zingati?”

“Mbewa zatha. Anyani anu anadya mapira onse.”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anakankhira mpando kwa ine ndi phazi.

“Nkalani, ba elda. Imwe simubwela kuno chabe. Naona pa menso, muli na nkhani. Kambani, kulibe wamene azamvela.”

Mawu ndinali nditawakonza bwino m'njira monse. Ndinapisa m'thumba kuti nditenge kansalu kopukutira thukuta, ngakhale kunali kuzizira. Khadi la Mgonero linatuluka nako n'kugwera pafumbi la makala. Tcheyamani analitola.

“Iyi ni kadi ya chipani chiti? Ya kumwamba? Na kwamene uko ni chipani chimozi chabe, ka?” Analipukuta pa thalauza, naliyang'anitsitsa. “Koma uyu wamene anasaina apa ali na kwanja yabwino. Ni ndani? Ni uja kalaliki wa njinga yakuda? Amalemba maningi uja, ayi?”

Khomo linatseguka lokha. Sindinafunikire ngakhale kuyambitsa. Ndikanangoti inde, amalemba kwambiri, n'kuonjeza mawu asanu.

Ndinalandira khadi. Dzina langa linali pamenepo m'kalembedwe ka mnzanga, ndi chala chakuda cha tcheyamani pamwamba pake. Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Sindinaone kuwala. Ndinangodziwa kuti mawa m'mawa dzanja lomweli lidzapereka khadi ili pakhomo la tchalitchi, n'kutambasuka kulandira chikho. Ambuye amene anakonza gomelo anaperekedwa ndi wodya naye, koma Iye sanapereke munthu. Ndinali nditalalikira zimenezo kwa ena kambirimbiri. Ndinapemphera ndili maso, mawu ochepa: ngati munthuyu ndi mdani wanga, ndi wanu, Ambuye, si wa tcheyamani. Ngati anditenga, anditenge ndili woyera m'manja.

“Amalemba za mpingo,” ndinatero. “Ine ndabwera za ngalande ya kuseri kwathu. Yatsekeka. Madzi akununkha.”

Tcheyamani anandiyang'ana nthawi yaitali, akutafuna.

“Ngalande,” anatero.

“Ngalande.”

“Mwavalila jekete ngalande, ba mbuya?”

“Kwathu timalemekeza akuluakulu, ngakhale odya anyani.”

Anasekanso, koma maso ake sanaseke. Anati adzauza a khansolo. Ndinabwerera kunyumba. Musaganize kuti mantha anachoka. Anakula. Tsopano ndinali nditataya chida changa, mdani akadali ndi chake, ndiponso tcheyamani anali atayamba kundidabwa.

Lamulungu akulu tinakhala kutsogolo. Mlembi ndiye ankakonza zikho m'kachipinda ka kuseri, yekha. Ndiye ankapereka chikho kwa akulu, ndipo ine ndinali woyamba pa benchi. Ndinakumbukira tsamba limene ndinasanja, la mankhwala m'chakumwa. Ndikudziwa kuti zinali zopanda nzeru. Chikho chomwecho akanamwera anthu ena pambuyo panga. Koma mantha safunsa nzeru. Anaima patsogolo panga, chikho chili m'manja awiri. Ndinayang'ana vinyo, ndinayang'ana zala zake. Mpingo unkaimba. Ndinachedwa mpaka mkulu wa pambali panga anandigunda ndi chigongono. Ndinalandira, ndinamwa, ndipo ndinamwa kwambiri kuposa mwa masiku onse, kuti Satana aone. Ndinakhala pansi n'kudikira. Palibe chinachitika. Ndinamva njala basi.

Lolemba foromani sanabwere. Anapita ku maliro a mlongo wake ku Makeni. Mwini kampani anandiponyera envulopu.

“Gawani ndinu lero. Akuti ndi chigawo chomaliza.”

Aka kanali koyamba kuti ndione mapepalawo asanamasulidwe. Sanali omangidwa ndi pini. Anali osokedwa m'mbali ndi ulusi wakuda wophatikiza pawiri. Msoko wake unali wa mitanda itatu yotsatana, mfundo ili pakati, osati kumapeto, nsonga za ulusi zitabwezeredwa m'kati kuti zisaoneke. Ndinatenga lezala kuti ndidule. Ndinaima. Ndinayang'ana pansi, pa thumba la apuloni yanga, limene linang'ambika mwezi wathawo. Mitanda itatu. Mfundo pakati. Ulusi wakuda wophatikiza pawiri, wotsala posoka masiketi a chigwirizano. Msoko umenewo unali pa makolala anga onse, pa matumba a mapilo, pa chikwama cha sukulu cha mwana wanga woyamba. Ndinauvala zaka makumi awiri. Masabata onsewo foromani ankaudula ndi lezala n'kuutaya m'bini ine ndisanaone.

Ndinawerenga chigawo chonse ndili chiimire. Mayi wa ndiwo anaitana anthu onse amene ankawaganizira, nawamasula mmodzimmodzi. Mnzake wa wakufayo analibe mlandu. Anansi analibe mlandu. Palibe analowa m'chipindamo. Mwamunayo, poopa kuti anthu amva zimene akulemba, anamanga mazenera ndi waya, natseka mipata yonse ndi mapepala, nalowetsa mbaula, nakhoma chitseko. Mpweya wa makala unamugoneka. Mkazi wake anapulumuka chifukwa anali atapita kwa mng'ono wake, mutu utamupweteka. Anali atamuchenjeza katatu.

Anzanga awiri ankadikira masamba awo.

“Lero palibe kugawa,” ndinatero. “Ndisanja ndekha.”

“Masamba asanu ndi limodzi? A elda, bodza lija lakulowani m'magazi.”

“Pita ukasanje makadi a ukwati.”

Ndinasanja mpaka dzuwa kupendeka. Ulusi ndinaudula mosamala n'kuusunga m'thumba.

Ndinapeza mkazi wanga pakhonde, akupinda mpendero wa diresi la munthu. Ndinaika ulusi pa bondo lake. Anauyang'ana, nabaya singano pa nsalu, napinda manja.

“Mwachedwa, bambo. Ndinkayesa mudzazindikira pa kapu.”

“Taipi anakuphunzitsani ndani?”

“A mlembi. Lachinayi tikamaliza chigwirizano. Ndine wolemba wa amayi, kapena munaiwala? Ndinawapempha kuti azikandiponyera m'tauni, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asakuuzeni.”

“Bwanji osandiuza pakamwa?”

“Ndinakuuzani. Munati mkazi asaphunzitse mwamuna za mphepo. Ndinaona kuti mawu a pakamwa simumva. Mumamva a mtovu okha.”

“Kope langa munalidziwa bwanji?”

“Amatsuka chimbudzi ndani m'nyumba muno?”

Ndinakhala pansi pambali pake.

“Munaliwerenga?”

“Lonse. Mumalemba bwino. Koma mulibe munthu woseka ngakhale mmodzi.”

“Mwauza Lusaka yonse pamene ndimabisa.”

“Munachotsa, si choncho? Pamanyowa paja likanawola. Ndipo ndani ku Lusaka amadziwa thanki yanu, kupatula inu ndi ine?”

“Ndi a mlembi.”

Anandiyang'ana. Pamenepo ndinamuuza za Loweruka, za jekete, za tcheyamani pa thumba la makala. Sindinachepetse kanthu. Nkhope yake inasintha. Diresi linatsetsereka kugwa pansi, sanalitole.

“Mayo ine,” anatero motsitsa. “Ana aja.”

“Sindinatchule.”

“Ndinaika za mnzake ndi chakumwa kuti owerenga asochere. Nkhani zotere zimatero. Sindinaganize kuti wosochera adzakhala inu.” Anatola diresi lija. Kenaka anati, “Tachimwa tonse awiri. Koma wopita ndinu. Pitani dzuwa lisanalowe.”

Ndinamupeza mlembi kuseri kwa nyumba yake, njinga ataigadabuza, akumata chubu. Ana ake awiri aang'ono ankasewera pafupi. Anawauza kuti alowe m'nyumba ataona nkhope yanga.

“Ndadziwa za maenvulopu,” ndinatero.

Anapuma mwamphamvu, naseka. “Zikomo Ambuye! Chinsinsi cha alamu chinandilemera ngati thumba la simenti. Lachinayi lija ndinatsala pang'ono kuulula. Koma nkhani yake mwaiona? Ku ofesi kwathu amalimbirana nyuzipepala.”

“Loweruka ndinapita kwa tcheyamani, dzina lanu lili pakamwa.”

Sanamve msanga. Kenaka anamva. Anaika chubu pansi pang'onopang'ono.

“Kukanena kuti chiyani?”

“Kuti muli ndi taipi. Kuti mumaponya maenvulopu opanda dzina.”

“Munanena?”

“Ayi.”

“Chinakuletsani n'chiyani?”

“Khadi la Mgonero. Linagwa m'thumba.”

“Likanapanda kugwa?”

Ndine munthu wosanama. Ndinati, “Sindidziwa.”

Anayang'ana kukhomo kumene ana analowera. Ndinadikira kuti anditukwane kapena andimenye ndi pampu. Ndikanalandira.

“Thumba limodzi la nyemba,” anatero. “Kuchokera ku Katete mpaka kuno.”

“Ndikukumbukira.”

“Ndipo Lamulungu munamwa chikho cha m'manja mwanga mukuganiza kuti ndine wokuperekani?”

“Ndinkaganiza kuti mwina mwathiramo kanthu.”

“Koma munamwa.”

“Ndinamwa.”

Anapukusa mutu. Sananene kuti wandikhululukira. Anatola chubu nati, “Gwirani gudumu ili, a elda, lisagwedezeke.” Ndinagwira. Tinamaliza njinga osalankhulanso.

A elda. Anandiitana choncho miyezi itatu. Pa msonkhano wa akulu ankandipatsa moni wa dzanja, wolemekeza, wozizira. M'nyumba mwanga sanalowenso osagogoda. Sindinadandaule. Ndinali nditagula zimenezo ndekha.

Madzulo a Lolemba lomwelo ndinamasula waya pa mazenera, ndinasolola nyuzipepala zonse m'mipata. Mbaula inatuluka panja. Kope sindinaliwotche. Ndinalitsitsa kudenga n'kuliika m'bokosi la mkazi wanga la zosokera, pansi pa zigamba. Mantha a amuna ovala masuti sanathe, chifukwa amunawo analipodi, ndipo tcheyamani anandifunsa za ngalande kawiri konse ndi diso lomwe lija. Koma ndinasiya kuwerenga anthu a m'moyo wanga ngati mndandanda wa adani. Galimoto ikaima panja ndinkapemphera, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Chigawo chomaliza chinatuluka Lachisanu. Munalibe cholakwa ngakhale chimodzi. Ndinagula nyuzipepala yanga, ndinabwera nayo kunyumba, ndinaiika pa makina osokera. Za kabuku kamene ndinakolezera mbaula kale ndinapepesa ndi mawu atatu. Mkazi wanga anati amva.

Mgonero wotsatira utayandikira, abusa anafunsa ngati akulu akufuna kusintha oyenda nawo. Ndinayang'ana pansi. Mlembi anati ayi, zikhale monga kale. Tinayenda nyumba zonse, iye akufunsa, ine ndikupemphera. Tinafika pa mtengo wa pa mphambano. Ulendo uno ndinayamba ndine. Ndinatulutsa khadi lake, ndinaligwira osapereka.

“Muli pa mtendere ndi anzanu onse?”

Anayang'ana khadilo mpaka basi inadutsa n'kutithira fumbi.

“Ndinali ndi mlandu ndi munthu mmodzi,” anatero. “Wouma mutu, wa kapu yobiriwira. Ndatopa nawo. Perekani khadi, achimwene.”

Ndinapereka.